Mbiri ya Aphunzitsi a Sinsi, Amene Sankasiya Wophunzira M'mbuyo

Abusa, achibale ndi nonse amene mwabwera kudzatipepesa, banja landipempha kuti ndiwerenge mbiri ya malume athu, amene ambiri munkawadziwa ndi dzina loti Aphunzitsi a Sinsi.

Malemu anabadwa m'chaka cha 1956, m'nyumba ya zipinda ziwiri kuseri kwa malo ochekera matabwa kumene bambo awo ankagwira ntchito. Anali achitatu kubadwa m'banja la ana asanu. Sukulu anaiyamba mochedwa chifukwa chodwaladwala, ndipo kalasi lachisanu analibwereza. Ankati mphunzitsi wawo ankathamanga ndi buku ngati akuthawa mvula, iwo n'kumangoonerera bolodi likufufutidwa. Komabe anapirira mpaka kumaliza sekondale, kenako anapita kukoleji ya aphunzitsi.

M'chaka cha 1982 anamanga banja ndi mayi ali patsogolopa, amene panthawiyo ankasoka zovala pakhonde la sitolo.

Pantchito ankaphunzitsa Chingerezi. Mutu umene unawapatsa dzina unali wa ziganizo zoyamba ndi mawu otchula nthawi, zimene mneni wake amasonyeza kuti chinthu chachitika kale kapena chakhala chikuchitika. Mwana akanena kuti "Since morning, I am waiting," malemu ankaika choko pansi, n'kupukuta magalasi, n'kumuuza modekha kuti adikira limodzi mpaka anene kuti "I have been waiting." Pomva mawu oti "since" tsiku ndi tsiku, ana anayamba kuwatchula kuti a Sinsi, ndipo eni ake sanadandaule.

Anali ndi malamulo awiri. Loyamba linali loti wophunzira aliyense aimirire n'kupanga chiganizo chonena zoona za moyo wake, osati zongopeka. Lachiwiri linali loti kalasi silipita pa mutu wina mpaka wotsalira womaliza atamvetsa. Lachiwirili ndi limene linawavutitsa. Chaka chinkatha silabasi ili pakati. Akuluakulu a sukulu ankawaitanira mu ofesi, makolo a ana anzeru ankadandaula, ndipo mapeto ake kunkakhala kusamutsidwa. Anzawo a kukoleji anakwezedwa maudindo, iwo ali ndi choko chomwecho. Mayi ankaseka kuti makatoni anasiya kuwamasula, ndipo makina awo osokera anathyoka mwendo chifukwa chokwezedwa ndi kutsitsidwa m'malole. Ngakhale ankaseka, kutopa kunalipo.

Kumpingo malemu ankaphunzitsa kalasi la okonzekera ubatizo. Kumenekonso sankafulumira, moti abusa ena anawafunsapo ngati akufuna kuti anthuwo akabatizidwe atamera imvi.

Atapuma pantchito, anachotsa katundu m'garaja, n'kuikamo mabenchi awiri ndi bolodi, n'kuyamba kuphunzitsa akuluakulu obwereza mayeso: alonda, ogulitsa mumsika ndi oyendetsa galimoto.

Chaka chathachi anayamba kumva kupweteka m'mimba. Adokotala anawauza kuti agonekedwe msanga kuti awapange opaleshoni. Panthawiyo m'kalasi lawo munali mayi wina wosamalira ana pasukulu ya mkaka, amene anauzidwa kuti ntchito imuthera ngati alepheranso Chingerezi. Anzake onse anali atamvetsa mutu uja, koma iye ankasokonezabe. Malemu anati sagonekedwa mpaka mayiyo atamvetsa.

Ana awo anawachonderera. Mng'ono wa malemu anakalipa mpaka kunena kuti sadzapondanso pakhomopo, koma mawa lake anabweranso. Tsiku lina akazi awo anaima pakhomo la garaja n'kunena kuti, "Bambo, ana a eni mwaphunzitsa okwanira. Anuwa mukufuna kuwasiyira ndani?"

Malemu anayankha kuti, "Mayi, akangomvetsa, mawa lake tinyamuka."

Miyezi inadutsa. Anayamba kuphunzitsa atakhala pampando, dzanja limodzi litagwira pamimba, ndipo zolemba pabolodi ankachita kuuza wina. Mayi wa kusukulu ya mkaka uja anafuna kusiya kuti aphunzitsi apite kuchipatala, koma iwo anatumiza uthenga woti akapanda kubwera adzamulondola kunyumba kwake. Anabwerera. Itakwana nthawi yake yoti aimirire n'kunena chiganizo choona, anati, "Since April, you have refused to go to hospital because of me." Anali kuwauza kuti kuyambira mu Epulo akhala akukana kupita kuchipatala chifukwa cha iye. Amene analipo akuti malemu anati chiganizocho chilibe cholakwika, n'kupempha kuti wina akauze akazi awo kuti alongedze chikwama.

Kuchipatala adokotala anapeza kuti matenda afalikira, ndipo opaleshoni sikanathandizanso. Mayi ndi ana anasinthana kuwadwazika kwa nthawi yaitali mpaka Lachiwiri lapitali pamene anatisiya.

Banja likudziwa kuti m'makwalalamu mukumveka zonena zambiri. Choncho mayi andituma kuti ndinene pamaso pa nonse kuti pasapezeke woloza chala wophunzira uja. Mayiwa akuti amuna awo anawadziwa kwa zaka zambiri, ndipo panalibe munthu amene akanawasuntha. Wophunzirayo mayeso ake analemba, zotsatira sizinatuluke. Lero anafuna kuima kumbuyo kwenikweni, koma mayi amuitana, ndipo wakhala pambali pawo.

Malemu asiya mkazi, ana aamuna awiri, ana aakazi awiri, zidzukulu zisanu ndi ziwiri, mng'ono wawo mmodzi, mlongo wawo mmodzi, ndi ife ana a mlongo wawoyo.

Ntchito aigwira, ndipo atopa. Apumule mu mtendere.