Tsiku Limene Tchalitchi Chonse Chinanditsokomolera

Kuno ku Venezia, atsikana a kunyumba ya ana amasiyefe timaimba pakhonde lam'mwamba m'tchalitchi, kuseri kwa nsalu kuti amuna asatione, ndipo poti m'tchalitchi saomba m'manja, anthu nyimbo ikawakomera amatsokomola, kumina ndi kukwekwesa mapazi. Aphunzitsi athu, mayi Lugrezia, anandiuziratu kuti ndikaimba vayolini ndekha popanda wotsokomola ndibwerera kochapa zofunda, ndiye Lamulungu limene ndinaimbalo titangotuluka ndinamukokera pakona mnzanga Orsetta, uja sadziwa kunama ngakhale bodza lothandiza.

"Iwe, wamva mmene anditsokomolera?" ndinatero, chifuwa patsogolo.

"Ndamva," anatero Orsetta. "Atsokomola kwambiri."

"Ndani ndi ndani? Usandibisire. Ukudziwa ine poimba ndimatsinzina."

"Onse. Ogulitsa nsomba, opalasa mabwato, mayi aja a chipewa cha nthenga amene mwamuna wawo amagona kwa mlongo wake…"

"Si mlongo wake ameneyo, koma pitiriza."

"Ndi abambo ansembe omwe. Mpaka misozi."

"Misozi!" Ndinagwira pamtima. "Apollonia uja ndimapikisana naye pa vayolini waimba zaka zonsezi, ndani anamulirapo?"

"Palibe. Iye akamaimba sikukhala utsi."

"Lubani ameneyo. Nsanje basi."

"Lubani sanunkha nsalu, Bastiana."

Ndinamuyang'ana cham'mbali. "Nanga anthu aja amakwekwesa mapazi? Ndawamva ndi makutu angawa."

"Amathamangira kukhomo."

"Kukauza anzawo!"

"Eee, amafuula ndithu. Amati madzi, madzi."

"Kukhosi kunawauma ndi kutsokomola. Iwe nyimbo suidziwa. Ine ndemwe taona, thukuta mpaka m'nsapato."

Orsetta ananunkhiza phewa langa. "Ndi madzi a m'ngalande awa. Mayi Lugrezia anaponya ndowa yonse. Theka linapita pansalu, theka pa iwe."

Apa ndinakhala pansi. Koma ine ndine munthu wosagonja msanga, ndi chifukwa chake ndinatha chaka chathunthu ndikulimbikira kuti vayolini yanga ndi imene ikulakwitsa.

"Chabwino," ndinatero, "tinene kuti kunali kautsi pang'ono. Koma utsiwo usanayambe alipo anatsokomola. Pafupi penipeni. Mokoma, mwaulemu, ngati mwana wa kubanja la ndalama."

"Analipo."

"Waona! Wamtali? Ali ndi ndevu?"

"Ndinali ine."

"Iwe?"

"Chigongono chako chimayandikira kandulo. Pakhonde paja saloleza kuyankhula, ndiye ndinatsokomola."

"Mayo ine! Ndiye bwanji sunabwereze?"

"Ndinabwereza. Ndikatsokomola iwe umamwetulira n'kuwonjezera mphamvu. Ndikatsokomolanso, mkono uwo m'mwamba. Kachitatu kandulo inauluka."

"Ukanandikoka diresi, chitsiru iwe!"

"Ndinali ndi zeze wanga m'manja. Mayi Lugrezia anati tisasiye kuimba ngakhale kugwe chiyani."

"Ndiye unapitiriza?"

"Ayi, ine ndinathawa ndi anzathu. Unapitiriza ndi iwe. Mpaka kumapeto. Kenako unawerama kuthokoza."

"Kuthokoza ndani?"

"Mipando."

Ndinaphimba nkhope ndi manja. Abale, ndinawerama kawiri! Kachiwiriko ndinachita kupinda bondo ngati mkazi wa kunyumba ya mfumu.

"Basi," ndinatero, "manja angawa abwerera m'madzi ozizira aja. Mayi Lugrezia anena chiyani?"

"Akuti kochapa supita."

Ndinadumpha. "Ha! Ndimadziwa ine! Anati pakhale wotsokomola, sananene kuti atsokomole chifukwa chanji. Lamulo ndi lamulo! Ukamuuze Apollonia, umuuze pang'onopang'ono kuti chimuwawe."

"Ndikamuuza."

"Ndiye Lamulungu likudzali ndiimba nyimbo iti?"

Orsetta anakanda m'mutu. "Za nyimbo sananene. Angoti mawa ulawirire kukhitchini. Akuti ophika amavutika m'mawa uliwonse ndi nkhuni zonyowa, pomwe m'nyumba muno muli munthu woyatsa moto ali chitsinzinire."