Yotola Anthu M'madzi

Clementina ankadikira basi ya ku Mukuni, dengu la ziboliboli lili pamiyendo, pamene bambo wina wosamudziwa anayamba kuwerenga mokweza nkhani ya pafoni.

"Akuti basilikali ba pamadzi bafuna kugula helikopita, koma basokonezeka. Ina isakila sitima zobisala pansi pa madzi, ina itola banthu bomila."

"Sitima zobisala? Mu Zambezi muno, ba tate?"

"Iyayi, mu nyanja yamchere."

"Nanga ise tili nayo?"

"Tilibe. Kapena ni ku Kariba. Imani niwerenge bwino. Aa, ni dziko inangu iyi. Dzina yake yanikanga kutchula."

"Ndiye si bathu?"

"Si bathu, ba mayo."

"Olo tero, bauzeni bagule yotola banthu."

"Nizabauza bwanji ine? Nawerenga chabe."

"Malemu mwana wanga Dabwitso anagwa mu bwato kumtunda kwa mathithi ya Mosi-oa-Tunya. Anagwirira mwala maola awiri, ise tiyang'ana pa mtunda."

"Helikopita siinabwere?"

"Zinapita zitatu pamwamba pake, zonyamula balendo. Iye anakweza dzanja. Beve banaganiza ni moni."