Buku limene a Esenkul ankakana kulimaliza

Malemu anabadwa pa 14 Malichi 1946 m'mudzi muno mwa At-Bashy, m'nyumba imene inali pomwe pali khola la nkhosa paja. Dzina lawo lonse ndi a Esenkul Toktomambetov. Ine ndaima panone ndine Jumabek, mng'ono wawo, chitsirizira m'mimba mwathu. Mundikhululukire ngati mawu akuchita kukoka. Lero ndi tsiku lachitatu tikulandira anthu, ndipo mbiriyi ndailembera pabondo. A Imamu andiuza kuti ndifupikitse. Ndiyesa.

Bambo athu ankaweta nkhosa za boma. Nyengo yotentha tinkakwera nazo kumapiri, ndipo kumeneko n'kumene achimwene anatengera matenda awo oyang'ana kumwamba. Chaka china anasoweza nkhosa zisanu ndi ziwiri, maso ali m'mwamba. Bambo anangoti, “Uyu apitirize sukulu asanatimalizire khola.”

Sukulu anayamba mu 1953 konkuno. Mu 1963 anasankhidwa kupita ku yunivesite ku Frunze, kumene lero timati Bishkek. Mu 1968 anapitirira ku Alma-Ata kukaphunzira za nyenyezi, mmene zimabadwira, chimene chimaziyatsa ndi mmene zimafera. Ankandiuza kuti chaka choyamba tsamba limodzi ankaliwerenga tsiku lathunthu. Sikuti nyenyezi zinkawavuta ayi. Buku lililonse linali m'Chirasha, pamene ife tinakula ndi Chikirigizi cha kukhola. Chilonda chimenecho sichinapole moyo wawo wonse.

Pa 21 Ogasiti 1971 anakwatira a Burulkan Sydykova, alamu anga, amene ali m'nyumba yaubweya, hema wathu wa maliro, kumbuyo kwangaku ndipo akumva zonse ndikunenazi. Iwo ankaphunzira masamu pa yunivesite yomweyo, koma analekezera m'chaka chachitatu mwana woyamba atabadwa.

Mu 1974 malemu anayamba kuphunzitsa ku Frunze, ndipo anagwira choko zaka makumi anayi ndi chimodzi. Mu 1979 anatiuza kuti ayamba kulemba buku la ophunzira a pa yunivesite, la nyenyezi ndi mapulaneti, m'chilankhulo chathu, kuti mwana wa m'busa asamavutike kawiri. Anati litenga zaka zitatu. Abale anga, zaka zitatuzo zinaswana ngati nkhosa mpaka zinakwana makumi anayi ndi zinayi.

Ntchito inkayenda chonchi. Achimwene ankalemba ndi pensulo, alamu n'kumataipa pa makina awo akale aja, masamba mazana asanu ndi awiri. Kumapeto kwa mutu uliwonse kunali masamu oti ophunzira ayese, ndipo samu iliyonse ankayamba aisova ndi alamu. Akapeza polakwika ankangoika pepalalo pafupi ndi kapu ya tiyi ya amuna awo. Mawu akasowa m'Chikirigizi, owasaka analinso iwo omwewo. Zimenezi sitinkazitchula. Tinkangoti akuthandiza bambo.

Mu 1991 buku linatha, ine ndinalinyamula pa lole yanga kupita nalo kwa osindikiza. Dziko linali litangosintha ulamuliro, mapepala kunalibe. Pamenepo malemu sitingawanene.

Mu 1995 ndinalinyamulanso. Lisanalowe m'makina, kunamveka kuti kwapezeka pulaneti yozungulira nyenyezi ina, osati dzuwa lathuli. Achimwene anandidzutsa m'mamawa kuti tikalitenge. Anati, “Sindingapatse ana a eni buku lonama.” Alamu anataipanso.

Mu 2006 akatswiri anakhala pansi kunja uko n'kugwirizana kuti Pluto asamawerengedwenso pagulu la mapulaneti akuluakulu. Ndinalipo tsiku limenelo, tikumwa tiyi. Alamu anafunsa kuti, “Kodi Plutoyo wasamuka?” Achimwene anati ayi, ali pomwe anali. “Nanga ine ndiyambirenso chifukwa chiyani?” Mawa lake makina otaipira anayambanso kulira.

Mu 2016 kunabweranso nkhani ya mafunde ena ake ochokera kutali mumlengalenga. Ine zimenezo sindizidziwa, ndine wa malole. Chimene ndikudziwa n'chakuti katundu mmodzimodziyo ndinakamutula kanayi, kanayi konse n'kubwerera naye. Kompyuta malemu ankaikana, ati imabisa zolakwa. Apo n'kuti zala za alamu zitayamba kupindika ndi nyamakazi, ana amene anayamba sukulu bukuli likuyambidwa atamera imvi. Kunena zoona, tinatopa nawo. Ine ndinawauza pamaso kuti kumwambako sikudzaima n'kudikira kuti iwo amalize. Anakwiya nane miyezi isanu osandiyankhula.

Koma ndisawanamizire. Sikunali kudzikuza. Ankaopa kuti mwana wina wa kumapiri adzaloweza chinthu cholakwika chifukwa chokhulupirira dzina lawo. Inu amene anakuphunzitsani, mwabwera ambiri lero, mukudziwa mmene ankaimira pa bolodi n'kufufuta zimene alemba okha.

Pa 3 Novembala 2022 anagwa ndi sitiroko ndipo anafa ziwalo mbali ya kumanja. Mawu ankatuluka amodziamodzi. Tinabwera nawo kuno kumudzi monga anafunira. Mapepala a buku anali m'bokosi lachitsulo pansi pa bedi, kiyi ali m'khosi mwawo pa chingwe.

Apa pali mlandu umene ndikufuna ndiulule thupi lisanatuluke pabwalo pano. Mu Juni chaka chino adokotala anatiuza kuti kwatsala miyezi yowerengeka. Alamu anandiitanira kuseri kwa khola n'kundionetsa manja awo. Anati, “Alamu, bambowa akapita bukuli lisanatuluke, zala izi zidzakhala kuti zapindikira chabe. Ndithandizeni kuba.” Tsiku lina akuwasambitsa achimwene, alamu anawavula kiyi uja mwakachetechete. Ine ndinatulutsa mapepala onse n'kudzaza bokosi ndi nyuzipepala zakale kuti lizilemerabe, kiyi n'kubwerera m'khosi mwawo. Mwana wawo Chinara ndiye anathamanga ndi zotsalazo kwa osindikiza ku Bishkek. Kwa miyezi inayi, m'mawa uliwonse achimwene ankatsitsa dzanja lamanzere n'kugogoda bokosi lija ngati mmene munthu amasisitira hatchi yake, ife maso pansi. Ndinawanamiza mkulu wanga ali chigonere. Zimenezo zandidya, ndipo ndikupempha Mulungu ndi inu nonse mundikhululukire.

Pa 5 Okutobala ndinabwera ndi buku loyamba, lachikuto chobiriwira, lolemera ngati njerwa. Ndinaliika pachifuwa pawo. Analiyang'ana nthawi yaitali, n'kuyang'ana pansi pa bedi, n'kundiyang'ana ine. Kenaka anakodola ndi zala kuti akufuna pensulo. Alamu anaimirira n'kunena kuti, “Apatseni, ine ndatopa,” n'kutuluka kupita kukhitchini.

Bukulo sanalitsegule n'komwe. Ndi dzanja lamanzere limene sanalemberepo chibadwire, anayamba kukanda pachikuto. Zinawatengera pafupifupi ola lathunthu, thukuta lili kamukamu, ine nditawagwirira buku. Pamwamba pa dzina lawo analemba zilembo zokhotakhota: Burulkan Sydykova. Atamaliza anati, “Cholakwa n'chimodzi.”

Ndinakawaitana alamu. Anawerenga, n'kuwerenganso. Anati, “Zaka makumi anayi ndi zinayi, bambo inu, mukuchiona lero?” Anakhala pansi pomwepo n'kulira, kulira kumene sindinakuonepo ngakhale pa maliro a mayi awo.

Malemu anatisiya pa 9 Okutobala m'mawa, dzuwa litangofika pazenera, ali ndi zaka makumi asanu ndi awiri mphambu zisanu ndi ziwiri. Asiya mayi a kunyumba a Burulkan, ana atatu, Talantbek, Chinara ndi Meerim, zidzukulu zisanu ndi zinayi, ndi ine ndatsala ndekhane.

A banja tikuthokoza anansi amene anaimika nyumba yaubweyayi mphepo ikuwomba, amene anapha ndi kusenda hatchi ya ndiwo za pamaliro, amayi amene sanachoke pamoto chiyambire dzana, anamwino amene ankabwera kudzawatembenuza, ndi adzukulu amene alimbana ndi miyala kumanda. Tikuthokozanso aphunzitsi ndi ophunzira amene mwadutsa phiri la Dolon chipale chofewa chitayamba kale kugwa.

Chidziwitso chimodzi chomaliza. Mabuku anasindikizidwa mazana atatu, onse ndi cholakwa chija, ndipo mphamvu zobwerera nawo kachisanu ine ndilibe. Pobwera kumanda mukawapeza pa tebulo la pachipata, pafupi ndi madzi osamba m'manja. Mapensulo ali pomwepo. Wofuna buku atenge, koma asatuluke nalo asanalembe dzina la alamu anga pamwamba, monga anachitira mwini wake. Chonde musawavutitse kuti akulembereni okha. Zala zawo sizigwiranso pensulo.

Achimwene, mwakonza komaliza ndipo tamva. Kumwambako kuzisinthabe monga mwa nthawi zonse, koma inu pensulo ikani pansi. Mzimu wanu uuse mumtendere, nawonso alamu apumeko.