Maina a Patsamba Loyamba

Pa siteji ya Chinyunyu, basi ya ku Mpanshya inachedwa. Mayi wina anamasula chitenje natulutsa kabuku ka zithunzi, ka munthu wamphamvu wouluka pamwamba pa nyumba. Anakapatsa bambo wa magalasi amene anali naye pabenchi.

"Atate, mumawerenga Chizungu? Mwana wanga Mordecai akuti ndiye amajambula mabuku awa ku Lusaka. Ndipezereni dzina lake."

"Maina amakhala patsamba loyamba, amayi. Ndi awa. Uyu analemba nkhani. Uyu anajambula ndi pensulo. Wachitatuyu anadutsamo ndi inki."

"Amuna atatu pa kabuku kamodzi? Nanga wanga ndi uti?"

"Dikirani ndione kumapeto. Ayi, mulibe. Onsewa ndi a ku Amereka, ndipo kanasindikizidwa mu 1971."

"Chaka chimenecho Mordecai ndinali nditamubereka kumsana."

"Pepani, amayi. Mwina ankatanthauza kuti amagulitsa."

"Amakankha wilibala pamsika, atate. Mlamu wanga anamuona. Ine ndimangofuna kudziwa ngati munthu wophunzira angazindikire."

"Angazindikire, akangoona tsamba loyambali."

"Abambo ake agonekedwa m'chipatala, sakudya n'komwe. Andituma kabukuka kuti akaonetse anzawo m'wodi. Tsono anesi aja Chizungu amachidziwa. Inu mumasuta?"

"Pang'ono, ndikapeza pepala."

"Pepala ndi ilo. Ng'ambani pali mainapo mupichire fodya wanu. Koma mosamala, musadule chithunzi. Abambo ake adzafuna kuona ntchito ya mwana wawo ili yonse."