Bata la Bambo Kevogo

Malemu amene agona patsogolo pathuwa, Bambo Javan Kevogo Lugalia, anabadwa pa 9 Epulo 1941 m'mudzi uno wa Vigetse, m'dera la Vihiga kuno ku Kenya. Anali achitatu kubadwa mwa ana asanu ndi awiri a malemu Bambo Hezron Lugalia ndi malemu Mayi Rasoa Mideva, amene onse anali a Mpingo wa Abwenzi. Amene ndikuwerenga mbiriyi ndine mwana wa mlongo wawo. Ndakhala kunja zaka zambiri, ndipo banja lati popeza sindinathandize kudwazika, ndithandizeko kuwerenga. Pamene ndaphonya, akuluakulu mundikonze.

Malemuwa anachedwa kulankhula, ndipo atayamba zinadziwika kuti ali ndi chibwibwi. Sitibisa zimenezi lero, pakuti amene sadziwa za lilime lawo sangamvetse moyo wawo. Mawu ankawakanirira pakhosi ngati ng'ombe yokana kuwoloka mlatho. Pakhomo anthu ankawamalizira mawu, mwachikondi ndithu, koma ankawamalizira molakwika. Akangoyamba kuti "Ndikufuna," wina anali atawapatsa kale madzi, pamene iwo ankafuna mpeni.

Anayamba sukulu m'chaka cha 1949 pasukulu ya mpingo ya m'mudzi muno. Masamu ankawatha, kulemba ankakutha. Koma masiku amenewo mwana ankayesedwa poimirira n'kuyankha pakamwa, ndipo mphunzitsi analibe nthawi yodikira. Anasiya sukulu m'chaka cha 1953 ali mu Sitandade 4.

M'chaka cha 1952 analowa kumsasa wa mdulidwe pamodzi ndi Bambo Zablon Ndanyi, amene lero ndi mlembi wotsogolera msonkhano wathu wa pamwezi, ndipo akhala apo kutsogoloko. Anthu a msasa umodzi amanyozana mpaka imfa, wokwiya palibe. Bambo Ndanyi ankakonda kunena kuti, "Javan, yamba lero kundipatsa moni, ndidzabwera mawa kudzamva pothera pake." Yankho linkachedwa, koma linkafika: "Iwe Zablon, pakamwa pako ndi chigayo. Phokoso ndi lako, ufa ndi wa eni."

Panali malo amodzi okha pamene malemuwa ankamaliza okha mawu awo. Achikulire mukukumbukira mmene tinkapembedzera. Lamulungu lililonse, nyimbo zikatha ndi mawu akawerengedwa, mpingo wonse unkakhala chete. Panalibe wotsogolera. Munkangomva nkhuku panja ndi khanda likuyamwa. Mu bata limenelo aliyense amene mtima wamukakamiza ankaimirira, mwamuna kapena mkazi, wa nsapato kapena wopanda. Ndipo mwambo wake unali umodzi: munthu akaimirira sadulidwa mawu, samaliziridwa, sayankhidwa. Amadikiridwa mpaka atakhala pansi yekha.

M'chaka cha 1958, matalala atagwa m'chigwa chino, malemuwa anaimirira koyamba mu bata. Anali mnyamata wosakwatira. Analimbana ndi lilime lawo mpaka thukuta, mpingo uli duu, ndipo pomaliza anatulutsa mawu awa: "Matalala atha chimanga cha Mayi Dorika, amasiye aja. Ife mbewu tili nayo." Anakhala pansi. M'mawa mwake anthu ankapita kwa Mayi Dorika, wina ndi mbale ya mbewu, wina ndi khasu. Amayi awo a malemuwa ankanena mpaka ukalamba wawo kuti tsiku limenelo ndi limene anamva koyamba zimene mwana wawo amaganiza.

Anaphunzira ukalipentala kuyambira m'chaka cha 1960, ndipo anakagwira ntchito imeneyi ku minda ya tiyi ku Kericho kuyambira 1962 mpaka 1970. Analandiridwa kukhala membala wathunthu wa mpingo m'chaka cha 1965. Atabwerera kumudzi anatsegula shedi yawo pamsika, ndipo m'chaka cha 1974, pamene nyumba yopemphereramo inafoleredwa ndi malata, mabenchi onse a m'katimo anakhoma ndi iwo.

Pa 12 Ogasiti 1967 anamanga ukwati woyera ndi Mayi Selifa Iminza a ku Chavakali. Ng'ombe zonse za malowolo zinaperekedwa, ndipo akuchikazi ali pano angachitire umboni. Dzana ndinafunsa Mayi Iminza chimene anawakondera malume, pamene ofunsira olankhula bwino analipo ambiri. Anati, "Mwanawe, enawo ndinkaiwala zimene anena asanafike n'kumsewu komwe. Awa mawu awo unkachita kuwadikira ngati nthochi kuti ipse, ndiye sunkataya ngakhale amodzi." Pa zaka zonse za banja lawo, Mayi Iminza sanawamalizirepo mawu amuna awo. Mulungu anawapatsa ana asanu ndi mmodzi, woyamba ndi Bambo Erasto Kevogo.

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 zinthu zinayamba kusintha. Kunabwera abusa ophunzira, makwaya a yunifolomu, limba lamagetsi ndi zimkuzamawu. Ine ndinasiya nyumba yopemphereramo imene munthu ankamva kupuma kwa mnzake, ndadzapeza imene ulaliki wake ngakhale agalu a kutsidya kwa chigwa amauloweza. Koma apa pakhale chilungamo. Achinyamata amene ankathawira ku mipingo ina anabwerera, ndipo malemuwa nyimbo ankazikonda, pakuti akamaimba chibwibwi chinkawasiya. Sanadane ndi limba. Woliimba anali mwana wawo yemwe, Bambo Erasto. Chimene chinkawadya malemuwa mumtima n'chakuti bata lija linkafupika chaka ndi chaka. Kale linkatalika mokwanira kupsa phala la mawere. Linadzatsala la kumeza malovu basi.

M'chaka cha 2009 nkhani inafika ku msonkhano wa pamwezi, yakuti bata lichotsedwe, m'malo mwake pakhale nthawi ya maumboni: wofuna kulankhula apereke dzina pasadakhale, apite kutsogolo, alankhule pa maikolofoni mwachidule. Zifukwa zinalipo. Alendo ankayesa kuti magetsi azima. Achinyamata ankatuluka kukasuzumira pa mafoni awo. Wobweretsa nkhaniyi m'malo mwa achinyamata anali Bambo Erasto, ndipo mlembi, Bambo Ndanyi, nawonso mtima wawo unali komweko. Kwa ena inali nkhani ya ndondomeko chabe. Kwa malemuwa inkatanthauza kuti sadzalankhulanso mumpingo, pakuti munthu wachibwibwi sauzidwa kuti afulumire.

Alendo athu a mipingo ina mudziwe kuti Abwenzi sitikweza manja kuti tiwerenge ambiri ndi ati. Mlembi amamvetsera, ndipo akaona ngati mitima yakumana amafunsa ngati pali Bwenzi amene mtima wake sunakhazikike. Wosagwirizana nazo angathe kunena kuti, "Ine ndipatuka, inu pitirirani." Koma akakana kupatuka chifukwa cha chikumbumtima, nkhani imaikidwa pambali mpaka umodzi utapezeka. Tsiku limenelo mlembi atafunsa, malemuwa anaimirira. Anthu anadikira, monga mwambo uli. Anati, "Mukachotsa bata, mwachotsa ine. Ndipo sindili ndekha. Enawo sanaimirirebe."

Nkhaniyo inaikidwa pambali. Inabweranso chaka chotsatira, ndi chinzake, ndipo nthawi zonse malemuwa ankaimirira. Potuluka Bambo Ndanyi ankati, "Javan, watimangirira pachikhomo ngati mbuzi. Mpingo wonse uzidikira lilime limodzi?" Iwo ankati, "Lako talidikira kuti litope kuchokera kumsasa. Silinatope."

Tisaname kuti zinali zoseketsa zokhazokha. Ena mwa inu munawatcha mwala wa panjira. Pa komiti yomanga anasiya kuitanidwa. Mabenchi awo anatulutsidwa n'kulowa mipando yapulasitiki. Malemuwa anapempha kuti limodzi lokha litsale kumbuyo, ndipo ndi pamene ankakhala ndi akazi awo. Kunyumba, Lamulungu masana, bambo ndi mwana ankadya nkhuku imodzi ali chete, koma silinali bata la pemphero. Mayi Iminza ankati, "Ndaphikira anthu awiri ouma mutu, wina ndinakwatiwa naye, wina ndinabala ndekha. Ndikadandaule kwa yani?"

Mu Novembala 2022 malemuwa anagwa ali kushedi kwawo. Anathamangira nawo kuchipatala ku Kisumu, kumene madokotala anapeza kuti ndi sitiroko. Anatuluka mu Disembala, mbali ya kumanja itafooka, ndipo mawu amene ankabwera movutikira aja anali atapitiratu. Ankamva zonse, ankadziwa aliyense, koma pakamwa panalibe kanthu.

Mu Malichi 2023 nkhani ya bata inabweranso ku msonkhano wa pamwezi. Sitikunena kuti panali chiwembu. Inali nyengo yake, ndipo ambiri ankangoona kuti tsopano njira yatseguka. M'mawa wa tsikulo malemuwa analoza jekete lawo ndi nsapato. Mayi Iminza anayesa kuwaletsa, koma iwo analozabe. Anawakweza pa njinga yamoto, akazi awo atawagwira kumbuyo, n'kukawakhazika pa benchi lawo lija.

Nkhani inakambidwa, wotsutsa panalibe. Bambo Ndanyi anafunsa funso la nthawi zonse, maso ali patebulo. Pamenepo kumbuyo kunamveka benchi likulira. Malemuwa anali atagwira mpando wa patsogolo pawo ndi dzanja lamanzere, akudzikoka. Anaimirira. Milomo inkagwedera, koma mawu sanatuluke. Wina anathamangira komweko ndi maikolofoni, Mayi Iminza n'kuyikankhira pambali. Ndipo popeza munthu akaimirira sadulidwa mawu, mpingo unadikira.

Amene munalipo mukuti simunamvepo bata lotere m'nyumba imeneyo kuchokera pamene magetsi anafika. Linatalika mpaka mwendo wa malemuwa unayamba kunjenjemera. Bambo Erasto anachoka palimba, napita kumbuyo kuti akawakhazike pansi bambo awo. Atawagwira, malemuwa anawafinya mkono, osalola kukhala. Mwanayo anamva. Anaika phewa lake m'khwapa mwa bambo ake, ndipo anaima nawo pomwepo, wobweretsa nkhani atachirikiza woikana. Malemuwa anadzakhala pansi okha, pa nthawi yawo.

Bambo Ndanyi anati, "Abwenzi, Bwenzi Kevogo tawamva. Umodzi sunapezeke." Potuluka anawerama pakhutu pa mnzawo, koma mawu a Bambo Ndanyi sanong'oneka, ndiye onse anamva: "Javan, lero ndiye walankhula bwino. Sunachite chibwibwi n'kamodzi komwe." Malemuwa anaseka ndi theka la pakamwa limene linali kugwirabe ntchito.

Kuchokera pamenepo thupi linapitirira kufooka. Amayi a mpingo amene amasonkhana Lachinayi ankabwera kudzaimba nawo ndi kukhala nawo chete. Anatisiya pa 3 Juni 2024 ali kunyumba kwawo, akazi awo ali pambali, ali ndi zaka 83.

Malemuwa asiya akazi awo, Mayi Selifa Iminza. Ana asanu, Erasto, Jedida, Elam, Ezina ndi Roda, pakuti Jotham anatsogola kale. Zidzukulu khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndi zidzukulutudzi zinayi. Mwa obadwa nawo watsala mlongo wawo mmodzi, Mayi Vugutsa, amene ndi mayi anga.

Banja likuthokoza madokotala ndi anamwino amene anawasamalira. Abusa ndi akulu a mpingo. Amayi a Lachinayi, amene moto wawo sunazime pabwalo lino chichitikireni zovutazi. Achinyamata amene akumba manda ndi kumanga misasa. Anansi amene abweretsa nkhuni, tiyi ndi nthochi. Ndi a njinga zamoto amene ankawanyamula Lamulungu lililonse. Tikuthokoza Bambo Zablon Ndanyi, amene akanatha kunena kuti munthu wopanda mawu sanakane kanthu, koma sanatero.

Nkhani ya bata idakali pambali, ndipo idzabweranso ku msonkhano. Banja silikuuza mpingo chochita, pakuti Abwenzi salamulidwa ndi maliro. Tingonena zimene tapemphedwa kunena. Benchi lija silichotsedwa. Bambo Erasto ati kuyambira Lamulungu likudzali, nyimbo zikatha, azichoka palimba n'kukakhala pamenepo ndi mayi awo.

Ndikamaliza kuwerenga, Bambo Erasto azimitsa zimkuzamawu ndi dzanja lawo, ndipo tikhala chete tisananyamule bokosi. Amene mtima umukakamize aimirire, ngakhale sanaimirirepo chibadwire. Palibe amufulumize. Timudikira.

Malume, Bambo Javan Kevogo Lugalia, mwamaliza nokha mawu anu. Mzimu wanu uuse mumtendere.