Jekete la a Mateus Juwawo Linali pa Msomali

Malemu bambo Mateus Juwawo, amene agona patsogolo pathupa, anabadwa pa 3 Ogasiti 1972 ku Fingowe, m'dziko la Mozambiki. Ine amene ndikuwelenga mbiliyi ndine Luka Juwawo, mng'ono wawo, bele limodzi. Abusa, mafumu, amai ndi abambo nonse, m'pepala muno muli zina zimene siziwelengedwa pamalilo, koma mundilole. Mailo, dzulo lomweli, kunabwela mawu kuchokela kwa Mwape ku Nyimba, kwa makolo a Josiah, amene anatomela Tiwonge, mwana woyamba wa malemu. Mawuwo akuti za ukwati ziyambe zaima, poti amva kuti atate ake a mtsikana afa ndi misala, ndipo misala imayenda m'magazi. Eni mawuwo abwela kudzalila nafe, ndawaona, ndipo tikuthokoza. Ndikuwapempha amve mpaka kumapeto.

Sukulu anayamba kwawo komweko, koma mu 1987 nkhondo inatithamangitsa. Atate athu anatsala m'njila. Malemu, ali ndi zaka khumi ndi zisanu, anandibeleka ine kumsana masiku asanu ndi limodzi mpaka tinaoloka malile, ndipo boma linatipatsa malo kumsasa wa othawa nkhondo ku Ukwimi. Giledi 7 anamaliza mu 1990 ndevu zitamela kale, ana anzawo akuwatcha ahedi. Kumeneko analowa gulu la masewelo lophunzitsa anthu za kolela ndi Edzi. Sewelo lililonse iwo ndiwo anali wodwala, ndipo azimai oonelela ankalila misozi yeniyeni. Amai athu ankawakalipila kuti matenda saseweletsa.

Mu 1994 anzathu akubwelela kwawo, ife tinatsala, chifukwa manda a amai anali ali kuno kale. Pa 14 Juni 1997 anamanga banja ndi amai Ennie Daka a kwa Sandwe. Mu 2004 anasamukila pa boma pano pa Petauke, nayamba kukonza njinga pafupi ndi msika. Ambili mwa inu munakwela njinga zodutsa m'manja mwawo, ndipo mukudziwa kuti ntchito yabodza sankaidziwa.

Mu 2019 koleji ina inayamba kutumiza kuno ophunzila udokotala. Aphunzitsi awo ankafuna anthu oti aziyelekezela kudwala matenda a maganizo, kuti wophunzila akalakwa alakwile pa munthu wabwinobwino, osati pa wodwala weniweni. Wina anakumbukila masewelo a ku Ukwimi, ndipo malemu anaitanidwa. Ntchito yake inali yotele. Ankawapatsa pepala lofotokoza wodwala: dzina, zaka, chimene chikumuvuta. Iwo ankaloweza, n'kuvala jekete lawo lakuda long'ambika paphewa, n'kukhala m'chipinda. Wophunzila ankalowa yekha, mphindi khumi, mphunzitsi ali pakona kulemba. Belu likalila, malemu ankavula jekete, n'kukhala Mateus, n'kumuuza mwana wa eniyo mosabisa: apa mwandiopseza, apa mwandidula mawu, apa mwayang'ana pepala ine ndikulila.

Anthu amene ankawayelekezela anali atatu. Wina womva mawu m'makutu, wina wofedwa amene waleka kudya ndi kusamba, ndipo wachitatu wobwebweta chifukwa thupi latentha. Wachitatuyu ndiye ankamunyadila. Asanalowe m'chipinda ankadziika nsalu ya madzi otentha pamphumi. Wophunzila amene wangofunsa mafunso ali patali, n'kulemba kuti ndi misala, ankalephela mayeso. Malemu ankati usanatche munthu wamisala, uyambe wamugwila pamphumi. Mawu amenewa ine ndawamva kosawelengeka, kumsika, kutchalitchi, pakhonde panga, mpaka ndinkawauza kuti akulu, tamva, makutu atopa.

Mayeso akayandikila ankakonzekela kunyumba. Ankavala jekete lija, ndipo lamulo linali lakuti jekete likakhala pathupi, munthu asawasokoneze ngakhale alile kapena agubuduke. Akalikoleka pa msomali kuseli kwa chitseko, ndiye kuti abwelela. Pakhomo ponse tinazolowela. Anansi ena ankanong'ona kuti woseweletsa misala imadzamugwila, ndipo lelo akuti si tinanena. Inu amene mukutelo, khalani pansi mumve.

Lolemba pa 12 Meyi chaka chino cha 2025, malemu anadandaula mutu, namwa panado. Mayeso a ophunzila anali Lachisanu. Alamu anga amai Ennie anali kwa Sandwe kokumba nshawa, mtedza uja, ndipo Felix, mwana wachiwili, anali nawo komweko. Pakhomo panali Tiwonge yekha. Lachiwili m'mawa malemu sanadzuke. Anayamba kuitana amai athu amene anamwalila kalekale, kulankhula Chipwitikizi, kutolatola pabulangete ngati pali nyelele. Mwana wamkazi wamkulu salowa kuchipinda kwa atate ake, mwambo umenewu tonse timaudziwa. Tiwonge anachita zoyenela: anathamanga kudzaitana ine.

Ndinapita. Ndinaima pakhomo pa chipinda, ndinaonelela, ndipo ndinaseka. Inde, ndinaseka, ndinaombanso m'manja. Ndinati chaka chino ophunzila aona zakuda. Tiwonge anandiuza kuti atate aang'ono, jekete lili pa msomali. Ndinacheuka, ndinaliona ndi maso angawa lili lende, koma ndinamukalipila mwanayo kuti asaphunzitse akulu ntchito, atate ake amadziwa chimene akuchita. Kuchokela pamene ndinaima kufika pamphumi pa akulu anga panali mapazi atatu. Sindinawayende. Ndinabwelela kumunda kokolola chimanga.

Lachitatu masana, Tiwonge ali kotunga madzi, malemu anatuluka opanda nsapato, nafika kumsika akufuula kuti asilikali abwela, ana athawe. Ndicho chimene munaona, ndipo ndicho chinafika kwa Mwape. Ena munajambula pafoni. Palibe mmodzi anawagwila dzanja. Anyamata a njinga ndiwo anawabweza kunyumba. Tiwonge ananditumila mawu kawili, ine ndinayankha kuti ndibwela ndikamaliza kukolola ndime. Amati chakudza sichiimba ng'oma, koma ichi chinaimba masiku awili, wogontha ndinali ine.

Lachinayi pa 15 Meyi, malemu sanafike kokonzekela mayeso, zimene anali asanachitepo. Aphunzitsi anatuma a dokotala Musa Njobvu kudzawaona. A Njobvu ali pano, ndipo andilola kunena kuti mu 2020 analephela mayeso m'chipinda cha malemu chifukwa chosawagwila pamphumi. Koma Lachinayilo sanafunse funso. Analowa, anaika dzanja pamphumi napeza potentha ngati moto, anayesa kupinda khosi, khosi gwa. Anawanyamula okha kupita nawo kugalimoto. Kuchipatala anatenga madzi a mumsana, ndipo anapeza matenda oumitsa khosi. Madokotala ndi manesi anayesetsa, ambili mwa iwo ndi amene anaphunzila pa munthu yemweyu. Malemu anatisiya Loweluka pa 17 Meyi, ali ndi zaka 52. Ndinafunsa a Njobvu ngati akanachila tikanapita nawo Lachiwili. Anati mwayi unali waukulu. Sanandinamize, ndipo ndikuwathokoza.

Tsono inu a kwa Mwape, amene timayembekeza kukutchani asewele, pepala lachipatala ndi ili, mukaliwelenge. Matendawa sayenda m'magazi, ndipo m'mtundu mwathu mulibe misala. Ndinenenso chimene malemu akananena akanadzuka: ngakhale ikanakhala misala, ndi matenda ngati ena, ali ndi mankhwala, ndipo munthu sasiyilidwa mwana wake chifukwa cha iwo. Zaka zisanu ndi chimodzi malemu anavala sanza kuti odwala otele azilandilidwa ngati anthu. Ngati mukufuna chilema m'banja lino, chilema ndine. Mtsikana amene mukumukayikilayo ndiye yekha anaona zoona, ndipo ananena katatu. Ine ndinali nkhoswe ya ukwati wake. Unkhoswe umenewo ndautula lelo pamaso panu, chifukwa wosamva mwana sangaweluze banja. Amalume ake a kwa Sandwe atenga malo anga. Musamulange Tiwonge chifukwa cha mapazi atatu amene ine sindinayende.

Malemu asiya akazi awo amai Ennie, ana awili, Tiwonge ndi Felix, ndi ine mng'ono wawo. Banja likuthokoza a mpingo, azimai amene aphika ndi kutunga madzi masiku atatu, adzukulu okumba manda, anzawo okonza njinga amene akhoma bokosi, ndi ophunzila amene aima kumbuyoko ndi makoti oyela. Ana inu mwapempha jekete lija kuti likakhale m'chipinda chanu chophunzilila. Alamu anga avomela. Mukalikoleke pa msomali, ndipo aliyense wolowa mumuuze nkhani ya Luka, musabise dzina.

Alamu, ndakulandani mwamuna. Tiwonge ndi Felix, ndakulandani atate. Kukhululuka sindikupempha lelo, nthawi yake mudzaiona ndinu.

Akulu anga, munandibeleka masiku asanu ndi limodzi osanditsitsa. M'mawa uno posambitsa thupi lanu ndachita chimene munandiphunzitsa, ndakugwilani pamphumi. Ndapeza pozizila. Pitani bwino, a Juwawo, mzimu wanu uuse mumtendele.