Mayi Bwerezani, Makina Sanaime

Bwana mkulu wa koleji yathu, akuluakulu a nthambi zonse, aphunzitsi, anzanga a mu ofesi yothandiza ophunzira, atsogoleri a ophunzira amene mwakhala kumbuyoko maso ali pa tebulo la zakumwa, Bambo atelala ndi banja lonse, komanso inu Amayi amene mwatisonkhanitsa lero, landirani moni wanga nonse.

Andiuza kuti ndilankhule mwachidule. Amene wanena zimenezo sakundidziwa.

Kwa alendo, ine ndine amene desiki yanga yakhala yoyandikana ndi ya Amayi zaka zambirimbiri, ndipo kuyambira Lolemba mpando wawo ukugwera ine. Ntchito yathu ndi iyi. Boma limapereka ngongole kwa ophunzira, limaperekanso thandizo losabweza kwa ovutikitsitsa. Ndalamazo sizidutsa m'manja mwathu, musatiyang'ane choncho. Ife timangofotokozera ana momwe angazipezere. Vuto n'lakuti malamulo ake sakhala pansi. Chaka chino akuti tiona zomwe makolo amapeza. Chaka chamawa akuti ayi, tiona maphunziro amene mwana akuchita. Chaka chinacho akuti mapepala atha, zonse pa foni. Ukangoti ndazolowera, asintha. Bambo atelala, amuna awo a Amayi, ananenapo kuti malamulo athuwa ali ngati mathalauza a anyamata: chaka chino otambalala, chaka chamawa othina, koma miyendo ndi yomwe ija.

Ndiye chaka chilichonse pamafunika munthu wokwera pa nsanja mu holo muno, n'kuuza ophunzira zomwe zasintha. Kwa zaka zoposa makumi atatu, munthu ameneyo wakhala Amayi awa.

Dzina lawo lenileni ophunzira salidziwa. Kafunseni pa geti, akuuzani kuti kuno kulibe munthu wotero. Koma nenani kuti Mayi Bwerezani, akuperekezani mpaka pakhomo. Chifukwa Amayi ukawauza kuti "ndamva," sakusiya. Amakuyang'ana n'kunena kuti, "Bwerezani." Ndipo sasankha nkhope. Bwana mkulu, mukukumbukira sabata yanu yoyamba? Munalowa mu ofesi mwathu, taye ili mbee, Amayi anakufotokozerani za thandizo losabweza, inu munati, "Chabwino, ndamva." Amayi anati, "Bwerezani, bwana." Ife tonse mitu pansi, kunamizira kufuna zolembera pansi pa madesiki. Munabwereza. Sindinena kuti zinayenda bwanji, ine penshoni yanga ikadali kutali.

Ngakhale kunyumba ndi chimodzimodzi. Pa ukwati wa mwana wawo wamkazi, mkamwini atamaliza kulumbira, tchalitchi chonse chili chete, kunamveka mawu kuchokera ku mpando wakutsogolo: "Sanamveke bwino ameneyo, abwereze." Mnyamatayo analumbira kawiri. N'chifukwa chake banja lija lili lolimba.

Koma Amayi sanabadwe choncho. Nkhani iyi si miseche, amaifotokoza okha kwa aliyense wobwera kumene mu ofesi. Chaka chawo choyamba anali mtsikana wa nsapato zazitali zidendene, mawu a m'mabuku ali thoo m'kamwa. Malamulo atsopano atafika, anakwera pa nsanja iyi n'kuwerenga chikalata chonse, kuyambira kumutu mpaka kumchira, osalumpha ngakhale kadontho. Atamaliza anafunsa, "Pali funso?" Zii. Kenako m'manja, holo yonse. Anapita kunyumba phazi losagunda pansi.

Chaka chimenecho lamulo linali litasintha. Kale ukapatsidwa ngongole chaka choyamba, inkakutsata yokha mpaka kumaliza. Tsopano aliyense ankayenera kupemphanso. Mawu amenewo analimo m'chikalata, Amayi anawawerenga ndithu, koma anali atavala jekete moti ana sanawazindikire. Ophunzira akale sanapemphe. Teremu itatsegulidwa, mayina awo kulibe.

Amayi anathamanga. Nsapato zazitali zija zinathera m'makwerero a kulikulu. Ambiri anabwezeretsedwa, ena ayi. Tsiku lina pa geti anakumana ndi mtsikana akukoka sutikesi yothyoka tayala, akubwerera kwawo. Mtsikanayo sanakalipe. Anangoti, "Amayi, ine ndinakuomberani m'manja, koma sindinamve." Sanabwerenso pa koleji pano. Kuchokera tsiku limenelo Amayi sakhulupirira m'manja. Mukawaombera amakwinya nkhope ngati mwawaponda chala.

Chaka chotsatira anapeza mankhwala ake. Mankhwalawo akhala apo, avala suti yosoka okha.

Malamulo akangofika, Amayi amawatenga n'kupita nawo ku shopu ya amuna awo, kuseri kwa siteji ya mabasi. Amaima pakati pa madiresi opachikidwa, n'kuyamba kufotokoza. Bambo amasoka, phazi lili pa chopondera. Nkhani ikamamveka, makina amangolira. Pakangotuluka liwu lolemera, makina zii. Bambo amasuzumira pamwamba pa magalasi n'kufunsa funso limodzi lomwelo: "Mayi a ana, ndiye kuti mwana wanga apita kusukulu kapena sapita?" Amayi amayambiranso. Amadula apa, amapinda apo, mpaka makina alire kuyambira pa moni kukafika pa zikomo. Pomaliza Bambo amabwereza zonse m'mawu awoawo. Zikatero m'pamene Amayi amabwera kudzakwera pa nsanja.

Ntchito imeneyi Bambo aigwira zaka zonsezi popanda malipiro, ndipo yawaonetsa zakuda. Chaka cha mafoni chija anasokonezeka mutu mpaka anasoka mwendo wa thalauza la kasitomala, kutseka kunsi ngati thumba. Mwini thalauza anali wapolisi. Musaseke, Bambo anapepesa mwezi wathunthu.

Tsopano ndifike pa nkhani imene yasowetsa mtendere banja ili.

Mwana wawo wamkazi uja, wa mwamuna wolumbira kawiri, amakhala kutali, ndipo wabereka kumene. Mdzukulu woyamba. Ana asonkherana, agula matikiti a basi ya Lamlungu lino, a Amayi ndi a Bambo. Koma malamulo a chaka chino anafika mochedwa, msonkhano wa mu holo uli Lolemba, ndipo wokwera pa nsanja ndine. Chaona mnzako chapita, mawa chili pa iwe.

Ine mumandidziwa, ndimakonda mawu onenepa. Amayi atandimva ndikuyeserera mu ofesi, anagwira mutu ndi manja onse awiri. Kenako anazembera kwa Bwana mkulu kukapempha kuti alankhule komaliza Lolemba. Inde Amayi, ndikudziwa, makoma a pano ndi opyapyala. Madzulo ake mwana wawo wamwamuna, uyo wakhala pambali pawoyo, anandiimbira foni. Anati, "Achimwene, tithandizeni. Amayi akufuna kubweza matikiti. Achemwali akungolira pa foni."

Ndipo tonse tikudziwa momwe zingathere. Tikawalola Lolemba lino, chaka chamawa malamulo asinthanso, abweranso. Mdzukulu adzakwawa, adzayenda, adzayamba sukulu, adzafika podzapempha ngongole pa zenera lathu, m'pamene adzaonane ndi agogo ake.

Koma sindinawaseke Amayi. Si mpando umene akuukakamira. Akuopa kuti wina adzakokanso sutikesi pa geti paja. Malamulo a chaka chino ali ndi msampha wofanana ndi wa chaka chawo choyamba, ndipo iwo anauona msanga kuposa tonsefe. Mantha amenewo ndi oona. Nanenso ndinali nawo.

Amayi, masabata apitawa mwakhala mukundikalipira kuti ndimasowa nthawi ya nkhomaliro. Munati, "Ofesi ndiisiya bwanji m'manja mwa munthu wongosowa ngati nthunzi?" Munafika pondikokera pambali n'kundifunsa ngati kunyumba kuli bwino. Kunyumba kuli bwino, Amayi. Ndinkapita ku shopu.

Tsiku loyamba ndinapita chimanjamanja. Bambo anati, "Mwana wanga, pano si kalasi, ndi shopu. Makina alira bwanji opanda chosoka?" M'mawa mwake ndinabwera ndi thalauza loti apinde kunsi pang'ono. Ndinaima pomwe Amayi amaima, ndinakonza pakhosi, n'kuyamba: "Potsatira kuunikanso kwa ndondomeko ya kaperekedwe ka thandizo kwa ophunzira oyenerera..." Makina zii. Bambo anavula magalasi, anawapukuta bwinobwino, n'kundifunsa, "Pamenepa mwanena kale kanthu, kapena mukutsokomola?"

Abale, ndinatuluka thukuta mpaka m'masokosi.

Ndinayambiranso, makina zii. Ndinayambiranso, zii. "Mwana wanga apita kusukulu kapena sapita?" Ine ndinkayankha kuti zitengera. Bambo ankati, "Zitengera si yankho. Kholo silingagule sutikesi ndi zitengera." Choipa n'chakuti makina akaima, Bambo ankaiwala pomwe analekezera, n'kudulanso, n'kupindanso. Thalauza limodzi latha, ndabweretsa lina. Limenelonso latha, ndabweretsa lina. Inu a mu ofesi mwakhala mukundiseka kuti akakolo anga ali pamtunda, mumaganiza kuti ndayamba mafashoni ku ukalamba. Akazi anga akuganiza kuti ndikukulabe.

Lachitatu ndinapita ndi thalauza lomaliza. Ndi ili ndavala leroli. Ndiima apa kuti nonse muone. Taonani kunsi. Lafika pa nsapato bwinobwino, silinaperewere ngakhale chala. Makina sanaime, Amayi. Analira kuyambira pa moni mpaka pa zikomo. Bambo, ndikunama? Mwawaona, akupukusa mutu, ndipo munthu uyu sanayambe wanamizapo akazi ake, kupatula masabata apitawa.

Koma ndikudziwa kuti Mayi Bwerezani sakhulupirira thalauza. Ndiye mverani nokha. Inu atsogoleri a ophunzira kumbuyoko, siyani kaye mabotolo, tcherani khutu.

Mwana apita kusukulu. Koma chaka chino makomo ndi awiri. Ngongole ili ndi khomo lake, thandizo losabweza lili ndi khomo lake. Chaka chatha ukagogoda khomo limodzi, onse awiri ankatseguka. Chaka chino ayi. Gogoda uku, gogodanso uku. Kaya ndiwe watsopano, kaya ndiwe wakale amene unkalandira kale, gogoda makomo onse awiri mwezi uno usanathe.

Basi. Inu mayi wa malaya ofiira, mtsogoleri wa ophunzira, imirirani. Bwerezani.

Eyaa! Mwamva, Amayi? Makomo awiri. Akale omwe. Mwezi uno usanathe. Sanaphonye, ndipo mmene ndimalankhula anali ndi bisiketi m'kamwa. Lolemba holo yonse ibwereza chimodzimodzi, mzere ndi mzere, ndipo palibe wotuluka asanabwereze. Ndikulonjeza pamaso pa Bwana mkulu ndi pamaso pa banja lanu.

Tsopano ndisiye nthabwala, ndinene za pansi pa mtima.

Amayi, zikomo. Munatipeza tikuganiza kuti ntchito yathu ndi kuwerengera ana malamulo. Mwatiphunzitsa kuti ntchito yathu imatha mwana akamva. Akulu amati safunsa anadya phula, koma inu munaona kuti mwana wochokera kosauka, amene walowa koyamba mu holo yaikulu ngati ino, sangakweze dzanja. Amaopa kuoneka mbuli. Ndiye simunadikire kuti afunse, munkamutsatira ndinu. Uthenga woipa simunaupereke pa zenera. Munkatuluka, n'kukhala naye mwanayo pa benchi ya m'khonde, mpaka mutapeza naye khomo lina loti agogode. Lero ena ndi anamwino, ena aphunzitsi, ena akumanga misewu. Sadziwa dzina lanu, koma anamaliza sukulu.

Ine ndidzakusowani. Desiki yanu ikakhala yopanda kapu yanu yothyoka chogwirira ija, ndidzamva chisoni, sindibisa. Mwandikalipira kwambiri, ndipo kulikonse kumene munandikalipira munkanena zoona. Mawu a akulu amakoma akagonera.

Inu a pabanja, zikomo potibwereka Amayi zaka zonsezi. Lero tikukubwezerani. Taonani, ndi athunthu, mawu okha ndiwo asasa pang'ono. Koma Bambo atelala sitikuwabweza onse ayi. Chaka chamawa malamulo asinthanso, ndipo ine ndayamba kale kugula mathalauza.

Amayi, kapumeni. Mukagone mpaka dzuwa likupezeni. Mukadzamva pa wailesi kuti boma lasintha malamulo a ngongole, mudzangotembenuka n'kukoka bulangeti. Mdzukulu akadzayamba kunena kuti "agogo," ameneyo yekha ndiye mudzamuuze kuti abwereze, kambirimbiri momwe mungafunire.

Zaka zonsezi mwakana m'manja chifukwa cha mtsikana wa pa geti uja. Mwamunyamula nthawi yaitali, ndipo chifukwa cha iye ana ambirimbiri sanakoke sutikesi. Mutuleni tsopano, tamulandira ife. Lamlungu kakwereni basi. Lero tikuomberani, ndipo chonde musakwinye nkhope, chifukwa ulendo uno tamva. Tabwereza, mwadzimvera nokha.

Tiyeni tonse tiimirire. Bwana mkulu, nanunso. M'manja mwa Mayi Bwerezani!

Sanamveke bwino amenewo. Bwerezani!